Kutsogolo kwa Mlenje wa Mphezi

Loweruka cha m'ma 10 koloko m'mawa, mayi telala wa kuseri kwa sitolo ya matayala anali atakoleka chikhoti chachitali pakhoma, atachifunditsa nsalu, akudikira mwini wake. Mwini wakeyo anali mlamu wake weniweni, mwamuna wa mng'ono wake, bambo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri wogulitsa mankhwala m'famase, amene 2 koloko masana omwewo amayenera kukwera pansanja pa mpikisano wovala ngati anthu a m'magemu a pafoni.

Mayi ameneyu mumudziwe kaye. Kalekale anasokera mkwatibwi wina diresi, ndipo poona kuti ya pachithunzi inali yaifupi kwambiri, mwa chifundo chake anawonjezera zala zinayi m'munsi. Chifundocho chinamutukwanitsa pamsewu tsiku lathunthu, mayi ake a mkwatibwi akugwedeza chithunzi m'mwamba kuti aliyense wodutsa aweruze. Kuyambira tsiku limenelo anapachika chikwangwani cha zilembo zofiira pamwamba pa makina: TIMASOKA ZOMWE TAONA. Sawonjezera, sachotsa, saganizira munthu. Mukamupatsa chithunzi cha malaya pomwe panatera ntchentche, dziwani kuti ntchentcheyo mukaipeza pathumba, ndi mapiko omwe.

Nayenso mlamuyo anali ndi yake. Kuntchito ankamutchula kuti Achimimba, ndipo dzinalo linamera mizu moti ngakhale abwana ankamuitana choncho pamaso pa odwala. Iye ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa. Akaweruka ankatsegula foni n'kusanduka Mlenje wa Mphezi, munthu wa m'gemu wothamanga pamadenga, wolumpha mipanda, wogwira mphezi ndi manja n'kuziponya m'thumba. Zaka zitatu akuthamanga naye. Atamva za mpikisanowo anaitana anzake onse a kuntchito kuti adzaonere, n'kuyamba kungolawa chakudya ngati mlendo wamanyazi. Chomwe ankafuna chinali chimodzi basi: tsiku limodzi lokha aime pamaso pa anthu aja popanda wina wotchula mimba.

Analowa akuyenda mouma, chifuwa chili m'mwamba, mimba ataikokera mkati, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Moni anapereka wachidule, poti moni wautali umafuna mpweya. Telala anayankha, anafunsa za mng'ono wake ndi ana, kenako anavundukula nsalu ija.

Kunena zoona, chikhoticho chinali chokongola. Chabuluu wakuda, chofika m'mawondo, kolala yoimirira, kumsana mphezi yachikasu yokhotakhota, pambali kathumba kachikopa. Mlamu anamwetulira mpaka kutsala pang'ono kuiwala mimba. Kenako anayandikira, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kuzima.

"Alamu, mzere woyerawu ndi wa chiyani? Wochoka paphewa mpaka m'chiunowu?"

"Uli pachithunzi."

Telala anatulutsa chithunzicho pansi pa chitini cha mabatani. Amene anachijambula anali mnzake wa mlamu kufamase, nthawi ya nkhomaliro. Anajambula foni yonse ili m'manja mwa mwini wake, mwini wake ali mkati mosewera, chifukwa bamboyu sakanalola kuchotsa zala pagalasi ngakhale kamphindi. Mzere unalipodi.

"Umenewo ndi mng'alu wa galasi. Foni inagwa kubafa."

"Pepani kwambiri. Koma wadutsa pamsana pake."

"Wadutsa pagalasi."

"Ine galasi sindinalione. Ndinaona msana ndi mzere."

Mlamu anatsitsa maso kuti apeze poyambira, ndipo anaona china. Pathako la kumanja panali chinthu chachikulu ngati buledi, chofufuma ndi siponji, chokutidwa ndi nsalu yabulauni, kunsonga kwake kuli chikhadabo cha pulasitiki.

"Nanga ichi?"

"Chala."

"Ndaona kuti ndi chala. Chikutani pamenepa?"

"Funso limenelo ndinadzifunsanso ine. Koma munthu akakhala ndi chala pathako, ine ndine ndani kuti ndimuweruze?"

"Ndi chala changa ichi, alamu. Ndimadina pamenepo kuti alumphe."

Telala anagwira dzanja la mlamu, kuliyandikiza pa chinthu chija, n'kuyerekeza bwinobwino. Anagwedeza mutu mokhutira, poti ngakhale kachipsera ka pamfundo anali atakaika pamalo pake.

"Mwachizindikira nokha. Ndiye kuti sindinalakwitse."

Chachitatu chinali pamwamba, kudutsa mapewa onse awiri: kansalu koyera kopetedwa ndi ulusi wakuda, zilembo zooneka ngakhale uli tsidya lina la msewu. MUGULE ANYEZI POBWERA. Mlamu anafotokoza kuti umenewo unali uthenga wa akazi ake umene unangolowa pafoni nthawi yojambula, ndipo Mlenje wa Mphezi sanatumidwepo anyezi chibadwire. Telala anati kalankhulidweko anakazindikira kuti ndi ka mng'ono wake, ndipo n'chifukwa chake anapeta mosamala, masiku awiri athunthu.

"Kodi anyeziwo munagula?"

"Ndinaiwala."

"Ndiye asiyeni pomwepo."

Mlamu anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kudzitonthoza yekha mokweza. Anati zonsezo n'za kumbuyo, sizasi ingathe kuzichotsa, ndipo pansanja anthu amaona kutsogolo. Anavula jekete, analowetsa manja m'chikhoti, n'kutembenukira pagalasi lalikulu la pachitseko.

Kutsogolo kunalibe kanthu. Kunalibe batani, kunalibe zipi, kunalibe lamba. Mbali ziwiri za chikhoti zinangolendewera uku ndi uko, pakati pali mpata woti mphaka n'kudutsa osakhudza nsalu. Mumpatamo munali vesiti yoyera, ndipo kuseri kwa vesitiyo kunali chinthu chomwe mwini wake anali akulimbana nacho kuyambira pakhomo.

"Kutsogolo kuli kuti?"

"Ndimayembekeza kuti mubwera nako."

Apa telala anali ndi umboni, ndipo anautulutsa mosafulumira. Anamukumbutsa kuti anafunsa katatu, poti safunsa anadya phula, ndipo katatu konse yankho linali lakuti kutsogolo kumadziwika. Atakakamira, mlamu anatumiza zithunzi zina zisanu ndi chimodzi: msana ukuthamanga, msana ukulumpha, msana ukugwa padenga, msana ukukwera makwerero, msana pamvula, msana padzuwa. Za mpatawo, anamukumbutsanso za tsiku loyeza, pamene anakana kuti tepi izungulire pamimba n'kutchula yekha nambala, ati ndi imene adzakhale atafikapo pofika Loweruka. Telala anadula nsalu pa nambala imeneyo. Loweruka linafika, nambala sinafike.

Mlamu sanafune kumva za nambala. Anayamba kulongosola kutsogolo kwa Mlenje ndi manja, ngati munthu amene anasamba naye. Chifuwa chotambalala. Pamimba minofu isanu ndi umodzi, yondandalikana iwiriiwiri ngati mabanzi m'chiwaya. Lamba wamkulu womanga zolimba. Siponji inalipo, nsalu inalipo, nthawi inalipo pang'ono, chovuta n'chiyani?

"Minofuyo munaiona?"

"Kutsogolo kumadziwika."

"Kwa ndani?"

"Kwa aliyense. Munthu wolumpha nyumba ya nsanjika zitatu angakhale ndi chiyani kutsogolo?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa."

"Ganizirani, alamu."

Telala anangoloza chikwangwani ndi sizasi.

Zitatero anakokanakokana kwa mphindi makumi awiri. Mlamu anaopseza kuti apita kwa telala wina, ndipo anauzidwa kuti msewu ndi womwewo, akapereke moni. Anayesa za chibale, ati magazi ndi magazi, ndipo anauzidwa kuti achibale ndi amene amatukwana bwino pamsewu chifukwa amadziwa mbiri yonse. Analonjeza kusaina papepala kuti sadzadandaula, ndipo anauzidwa kuti mayi ake a mkwatibwi uja nawonso anali atanena kuti chitani zomwe mukuona kuti n'zabwino. Potsiriza anakhala pampando wa makasitomala, chala cha siponji chinalira fwii pansi pake, ndipo analankhula motsitsa.

"Alamu, anthu khumi ndi awiri akubwera, ndi abwana omwe. Ndinawaitana ndekha. Ndikatuluka chonchi, dzina lija lidzalembedwa ndi pamanda panga pomwe."

Telala anamumvera chisoni, ndipo chinali chisoni chenicheni. Bamboyu ankamusunga bwino mng'ono wake, sankamwa, sankayendayenda, vuto lake linali foni yokhayo. Koma chisoni ndi chomwe chinamutukwanitsa pamsewu, ndiye anachigwira mwamphamvu kuti chisafike kumanja.

"Ndionetseni kutsogolo kwake. Ndikangoona, ngakhale minofu khumi ndi iwiri ndikusokerani ola lisanathe."

Mlamu anatulutsa foni n'kutsegula gemu. Mlenje uja anaoneka, kamunthu ka chikhoti chabuluu ndi chipewa, katapereka msana, ndipo zala za mlamu zitangogwa pagalasi kanayamba liwiro. Telala anavala magalasi ake n'kuwerama.

"Muuzeni atembenuke."

"Satembenuka."

"Muitaneni."

"Samva."

"Mukhote naye ndiye."

Mlamu anakhota kumanzere. Madenga anazungulira, mitambo inazungulira, koma munthuyo anakhalabe chopereka msana. Anakhota kumanja, chimodzimodzi. Anamugwetsa dala padenga, ndipo anagwa chafufumimba.

"Zaka zitatu mukutsatira munthu amene sanakuyang'anenipo n'kamodzi komwe? Munamulakwira chiyani?"

"Ndi mmene gemu ilili."

"Muimitseni."

"Mlenje saima."

Anafotokoza kuti akafuna kupuma pali pomwe amadina, ndipo anadinapo, chithunzi chonse n'kuda bii. Telala anati iye sananene zomuzimitsira magetsi munthuyo, ananena zongomusiya aime. Mlamu anakana kwamtuwagalu. Anati pa zaka zitatu sanachotsepo zala Mlenje ali padenga, mphezi zimathawa, ndipo kumusiya munthu wotero atangoima ngati wosowa chochita ndi chipongwe.

Telala sanatsutse. Anadzaza mapini m'kamwa, anamuuza mlamu kuti aimirire akweze manja kuti aone ngati m'khwapa mungapezeke nsalu yowonjezera. Mlamu anamvera, foni ili m'mwamba, zala zikugwirabe ntchito. Mapini analowa anayi uku, anayi uko. Kenako telala anakwera pa kampando, anasolola foni ija pakati pa zala, n'kuitsamiritsa pa chitini cha mabatani.

"Alamu, foni yanga!"

"Mukatsitsa manja, m'khwapamo muli mapini asanu ndi atatu."

"Mphezi zikuthawa."

"Zipite. Zidzabweranso ndi mvula."

Anakoka mpando n'kukhala, manja pamiyendo. Anati pa ntchito yake amabweretseredwa ana oti awayeze yunifolomu, ena amanyanyala n'kuyang'ana kukhoma. Ukawakoka amalira, ukawanyengerera amalimbikira. Koma ukangokhala chete, amatembenuka okha kuti aone chomwe wakhalira chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlamu anati uyu si mwana wa yunifolomu. Telala anangoika maso pafoni.

Pafoni paja Mlenje anachepetsa liwiro n'kuima pamphepete pa denga. Mapewa ankakwera ndi kutsika. Panja, ku sitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo. Mlamu anaima manja ali m'mwamba ngati wogwidwa akuba, thukuta likutsika, mimba akadaigwirabe mkati. Panadutsa theka la mphindi. Mlenje anakanda m'khosi. Anayasamula. Anavula chipewa n'kupukuta pamutu, ndipo pamutupo panali dazi lowala bwino.

Kenako anatembenuka.

Chikhoti chake chinali chosamanga, chopanda batani, chopanda zipi, mbali ziwiri zitatalikirana ngati abale oyambana. Pakati panali kavesiti kakafupi kamene kanagonja panjira, ndipo pansi pa kavesitiko panatuluka mimba yozungulira, yaulemu wake, mchombo uli pamtunda. Mlenje wa Mphezi anaisisita kawiri, anawayang'ana onse awiri m'maso, n'kuyamba kugunditsa phazi pansi ngati munthu wodikira basi.



"Foni yawonongeka," anatero mlamu.

"Ikugwira bwino."

"Ndi mng'alu uja ukumufufumitsa."

"Mng'alu uli pagalasi. Munanena nokha."

"Mwina ndi mchimwene wake."

"Chikhoti ndi chomwecho, kathumba ndi komweko. Ine nsalu ndimaidziwa."

Mlamu anayang'anitsitsa kamunthu kaja nthawi yaitali. Kanasisitanso mimba.

"Ndiye madenga onse aja, mipanda yonse ija, ankalumpha ndi chimenechi?"

"Munkamuona ndinu. Ine ndangomudziwa lero."

Pamenepo mlamu anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira pakhomo, ndipo mwina kuyambira miyezi itatu yapitayo. Mimba inatuluka pang'onopang'ono n'kukhazikika pampata uja ngati kuti malowo anayezera iyoyo. Telala anazula mapini mmodzimmodzi. Mlamu anatsitsa manja, anayang'ana pagalasi la pachitseko, anayang'ana pafoni, anayang'ananso pagalasi. Anachotsa kapusi imene ankabisira dazi lake. Panalibe chosiyana, kupatula kuti wina anali wamng'ono.

Anayamba kuseka, kuseka kwa pansipansi kumene kunakula mpaka misozi. Telala sanadziwe ngati kunali kuseka kokha, ndiye anawerama n'kumafunafuna choko pansi pa makina, choko ali nacho m'manja. Mumtima anakondwa, ngakhale sakanavomera.

Koma munthu wamakani sasintha, amangosintha kolowera. Atapukuta maso, mlamu anaimirira mowongoka n'kulengeza kuti anyamata onse owonda amene abwere ndi minofu ya siponji akalira lero, chifukwa palibe mmodzi mwa iwo amene anadekhapo kuti amuone Mlenje kumaso. Foni akaiika patebulo la oweruza n'kuwauza kuti asaikhudze. Anzake a kuntchito akuwe dzina lija mmene angathere, ngakhale abwana atsogolere. Mng'alu uchoke. Anyezi akhale, poti akazi ake akhala kutsogolo ndipo akaona kuti uthenga unafika. Telala anatenga sizasi n'kuloza chala cha pathako.

"Chimenecho chisiyeni. Ndine ndakhala ndikumukankha zaka zonsezi."

Chomwe anafuna tsopano chinali chakuti chilichonse chifanane ndendende. Vesiti idulidwe pomwe yadulidwa ya Mlenje. Mpata ukhale womwewo. Ndipo tepi ija, imene anaikana ngati njoka mwezi watha, anaitola yekha patebulo n'kuipereka ndi manja awiri.

"Yezani, alamu. Yezani zonse."

Telala anayeza. Anayamba ndi pafoni, mapewa a Mlenje ndi mimba ya Mlenje, akulemba ndi choko patebulo. Kenako anazunguliza tepi pa mlamu, amene ulendo uno anaikankhira mimba kunja ndi mphamvu zake zonse mpaka maso kutuluka. Telala anawerengera chamumtima, anafufuta, anawerengeranso, n'kuvula magalasi.

"Yanu yachepa."

"Yachepa?"

"Ndi zala zinayi."

"Yezaninso."

"Ndayeza kawiri. Mwaisala kwambiri."

Mlamu anaigwira ndi manja onse awiri, kuiyang'ana ngati mwana amene wamulakwira. Miyezi itatu ya tiyi wopanda shuga, miyezi itatu yokana nyama pamaso pa ana ake, ndipo lero, tsiku lokhalo limene inafunika, yaperewera. Anayang'ana wotchi. Anayang'ana katani yotchinga kuchipinda cha kumbuyo, kumene telala ankapumulako masana. Anatsitsa mawu.

"Alamu, kumbuyoko mulibe kapilo? Kakang'ono chabe. Zala zinayi zokha."

"Zala zinayi ndinawonjezerapo kamodzi m'moyo wanga, ndipo munamva zomwe zinachitika."

"Palibe amene adziwe."

Telala anamuvula chikhoti, anachiyala pamakina, analowetsa ulusi m'singano, n'kuloza chikwangwani ndi chibwano.

"Pachithunzi palibe pilo. Kwatsala maola atatu, alamu. Pitani mukadye."